Wolanda munda wa mnzake sakhuta: phunziro la nkhondo ya Hitler

Mwezi wa September uli ndi masiku awiri amene ife Akatolika a m'Zambia sitiyenera kuwaiwala. Pa 28 September 2007 anamwalira ku Lusaka Kadinala Adam Kozłowiecki, arkibishopu woyamba wa Lusaka. Ndipo pa 1 September 1939 asilikali a Germany analowa m'dziko lakwao la Poland, nayambitsa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Masiku awiriwa ali ndi mau kwa ife alimi a kuno ku chigwa cha Luangwa.

Ambiri tiganiza kuti nkhondo ija inali ya azungu okhaokha. Koma muzu wake unali chinthu chimene mlimi aliyense achidziwa: malire a munda. Adolf Hitler, amene anatenga ulamuliro ku Germany mu 1933, anali kuphunzitsa kuti anthu ake apanikizika, afunika malo okulirapo, ndi kuti nthaka yachonde ya kum'mawa iyenera kukhala yao chifukwa eni ake ndi anthu apansi.

Sanalande zonse tsiku limodzi. Mu March 1938 anameza dziko la Austria, anzake nangoyang'ana. Mu September chaka chomwecho anafuna chigawo cha dziko la Czechoslovakia. Atsogoleri a Britain, France ndi Italy anakumana naye ku Munich, namupatsa chigawocho kuti akhale chete. Eni dziko sanaloledwe kukhala pa bwalolo. Anangouzidwa zimene zagamulidwa. Isanathe miyezi isanu ndi umodzi, mu March 1939, asilikali ake analowa mu Prague, likulu la dziko lomwelo.

Kenaka inakwana nthawi ya Poland. Hitler anapangana ndi Stalin wa Soviet Union kuti agawane dzikolo, wina kulowera kumadzulo, wina kum'mawa. Alimi ambirimbiri a ku Poland anathamangitsidwa m'nyumba zao, minda ndi ziweto zao nizipatsidwa kwa anthu a mtundu wa Hitler. Britain ndi France analengeza nkhondo pa 3 September 1939, koma moto unali utakula kale. Pa 9 April 1940 anaukira Denmark ndi Norway. Pa 10 May anaukira Netherlands, Belgium ndi Luxembourg. Pa 14 June asilikali ake anali kuguba m'miseu ya Paris.

Kodi zinathera komweko? Iyai. Ataona kuti France ili pafupi kugwa, Mussolini wa ku Italy analowa nkhondo pa 10 June 1940 kuti nayenso atoleko. Mu August chaka chomwecho asilikali ake anaukira British Somaliland, ndipo pakati pa amene analimbana nao pa Tug Argan panali anyamata athu a Northern Rhodesia Regiment. Ku migodi kopa inafunika kwambiri chifukwa cha zida, mitengo ya zinthu nikwera. Anchito achikuda atanyanyala nchito, asilikali anaombera pa Nkana mu April 1940, anthu 17 namwalira. Kuyambira 1942 boma la atsamunda linali kugwira amuna m'midzi kuti akalime m'mapulazi a azungu, minda yao ikumera thengo. Ngakhale ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, kunali msasa wa anthu a ku Poland othawa nkhondo. Zoona akuluakulu sananame: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Bambo Kozłowiecki anali wansembe wachinyamata wa chipani cha Ajezuiti pamene anamangidwa ku Kraków mu November 1939. Anawatengera ku Auschwitz, kenaka ku Dachau, kumene anakhala mpaka April 1945. Anafika m'dziko lino mu 1946, nayamba nchito ku mishoni ya Kasisi. Mu 1959 anakhala arkibishopu, ndipo mu 1969 anatula pansi udindo mwa kufuna kwao kuti mwana wa dziko lino autenge. Munthu amene anaona zimene kulanda kumachita anasankha kusiya mpando m'malo moukakamira.

Tsono ife titolapo chiyani? Sindinena kuti m'midzi mwathu muli Hitler. Ndinena kuti njira ya wolanda ndi imodzimodzi, kaya ndi mfumu ya dziko kaya ndi mlamu. Ayamba ndi mzera umodzi. Chaka chino asuntha malire pang'ono, chaka chamawa atenga dimba, chaka chinacho anena kuti munda wonse unali wa agogo ake. Nthawi zonse asankha wofooka: mai wamasiye, ana amasiye, nkhalamba imene ana ake ali ku Lusaka. Nkhani ya Ahabu ndi munda wa Naboti tiiwerenga m'tchalitchi. Inatheka chifukwa akuluakulu a mzinda anaopa nyumba ya mfumu.

Alipo amene ati, "Mkhristu ayenera kukonda mtendere, muloleni atenge, mkangano uthe." Atsogoleri amene anapita ku Munich naonso anali kufunadi mtendere, pakuti anali kukumbukira maliro a nkhondo ya 1914. Koma mtendere wao anaugula ndi dziko la eni. Chako ukhoza kupereka ndi kukhululuka, ndipo Mulungu adzakudalitsa. Cha mai wamasiye ulibe mphamvu yochipereka iye kulibe, ndi kuchitcha chiyanjano.

Alimi anzanga, dziwani ichi. Lamulo la chuma cha masiye la 1989 lipatsa mkazi kapena mwamuna wotsala magawo 20 pa 100, ana 50, makolo 20 ndi ena odalira malemu 10. Koma lamuloli silikhudza nthaka ya mafumu, imene ambiri a ife tilimapo kwa a Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Msoro ndi a Malama. Pa munda wa kumudzi, chotetezera wamasiye ndi mfumu ya mudzi, banja, ndi mboni zolimba mtima. Mboni zikakhala chete, munda wapita.

Choncho mvula isanagwe, pamene tikusosa minda, ndipempha miphakati yathu ichite zinthu zitatu. Pitani ndi mfumu ya mudzi kukayenda malire a minda ya amasiye, zilembedwe m'buku, anthu onse akuona. Mlandu wa munda usaweruzidwe mwini wake kulibe, ndipo ngati ali mai, alankhule yekha. Ndipo mzera woyamba ukadyedwa, nenani pomwepo, mwaulemu, pa bwalo, osati ndi nkhwangwa m'manja.

Nkhondo ya Hitler inatha mu 1945, anthu oposa 50 miliyoni atafa. Kumukana mu 1938 kukadakhala kopepuka kusiyana ndi mu 1940. Lupsa lizimika ndi nthambi yaiwisi likadali pa chiputu chimodzi. Likalowa m'dambo, ngakhale nkhokwe ya amene anangoonerera ipsa.

Wolemba ndi katekisiti m'boma la Mambwe.