Anatiletsa kuwerenga, lero tikudziletsa tokha

Pali mawu ena amene ine andikwana. Akuti ukafuna kumubisira kanthu Mmalawi, ukaike m'buku. Onena zimenezi amakhala mabwana a mataye, ndipo akatero amaseka ngati anena zanzeru. Ine sindiseka nawo. Funso langa ndi lakuti: kodi anayamba kubisa mabukuwo ndani?

Tiyeni tikumbutsane. M'chaka cha 1968 boma la chipani chimodzi linakhazikitsa bungwe la Censorship Board kuti lidzisankhira anthu akuluakulu a ndevu zawo zoti awerenge. Chaka chomwecho Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo chinabwererapo mu 1994. Buku la George Orwell lotchedwa Animal Farm linaletsedwa, kuopa kuti tingazindikire nkhumba za m'khola lathu. Ndakatulo za a Jack Mapanje zinachotsedwa m'mashelefu, eni ake n'kuwatsekera ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuwazenga mlandu. Anthu amene anaphunzitsidwa kwa zaka 30 kuti buku ndi msampha, lero mukuti ndi aulesi?

Koma tisanamizane abale anga, mlandu wina ndi wathu. Ine ndinabadwa matipate atabwera kale. Palibe wa payoniya anasechapo chikwama changa. Komabe pamene ndinali ku yunivesite, ndisanasiyire panjira, ndinkawerenga zokhazo zimene ndimaganiza kuti zibwera pa mayeso. Tsiku lina mlendo anandifunsa pa depoti ya Karonga kuti Mlozi anali yani. Ndinangoti kukamwa yasaa. Munthu amene anagwedeza dziko la Ankhonde ndi malonda a ukapolo mpaka kupachikidwa mu 1895, ine mwana wa konkuno osamudziwa! Anzanga ambiri ali chimodzimodzi. Timawerenga za chipani chathu, za mpingo wathu, za mtundu wathu, ndi mphekesera za pa WhatsApp basi. Ntchito imene Censorship Board inkalandirira malipiro, ife tikuigwira ulere.

Nchifukwa chake ndikupempha a National Library Service kuti pa nthambi yawo ya ku Karonga ayambitse mpikisano wa chaka chathunthu. Malaibulale a kunja amachita zimenezi. Mwezi uliwonse buku limodzi, pachaka 12, koma lamulo likhale lakuti uwerenge chimene sunazolowere. Mwezi uno lolembedwa ndi mayi, wamawa la m'chiyankhulo chimene si chako, winawo buku limene linaletsedwa nthawi ya Kamuzu. Wa ku Mulanje amene akugwira ntchito kuno awerenge mbiri ya ufumu wa a Kyungu imene a Owen Kalinga anasindikiza mu 1985. Ifenso Ankhonde tiwerenge za John Chilembwe, tisamangomuona pa ndalama. Ndipo mabuku a Chinkhonde, Chitumbuka ndi Chilambya apezeke, chifukwa mpikisano wa Chingerezi chokhachokha ndi wa ana a mabwana.

Ndikudziwa ena ayamba kale kung'ung'udza kuti kodi buku tidyera nsima? Amenewo akafunse za malemu a Legson Kayira a ku Chitipa, oyandikana nafe. Mu 1958 ananyamuka wapansi, atanyamula Baibulo ndi Pilgrim's Progress. Atafika ku Kampala analowa m'laibulale, ndipo m'menemo ndi mmene anapezamo dzina la Skagit Valley College ya ku America, sukulu imene inawalandira. Buku lawo la I Will Try linatuluka mu 1965. Ndi angati mwa ana a sekondale ku Chilumba kapena ku Kaporo amene analigwirapo m'manja?

Tsopano ndikhote kwa inu akuluakulu amene munabwerako ku Lusaka, Dar es Salaam ndi London. Munawerenga zimene makolo athu ankaopa kuzitchula ndi dzina lomwe. Mabukuwo ali kuti? Ambiri akudyedwa ndi chiswe m'makatoni, ena mwawakongoletsera pabalaza kuti alendo adziwe kuti munapita kutali. Mumatinena kuti achinyamata a lero sitidziwa kumene ufulu unachokera. Tiudziwa bwanji inu mutatsekera umboni wake kuchipinda? Tulutsani makatoniwo mukawatule ku laibulale. Njinga yonyamulira ndibwereka ndine.