Musataye kompyuta cifukwa ca Windows 10

Pa 14 October 2025, Microsoft inaleka kutumiza zokonza za citetezo ku Windows 10. Cimene kampaniyi ifuna n'cakuti tonse tisamukile ku Windows 11. Koma Windows 11 imafuna kacipangizo kochedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ndipo makina ambili opangidwa caka ca 2018 cisanafike imawakana.

Muno mu Zambia nkhaniyi ni yaikulu. M'masukulu, m'mawailesi a m'madela ndi m'tumashopu tolembela makalata, makompyuta ambili ni a salaula kapena a mphatso. Amayaka bwinobwino. Kodi tiwataye cifukwa kampani imodzi ya ku America yatelo?

Ine nikuti ayi. Linux ilipo, ndipo ni yaulele. Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004, ndi Linux Mint zimayenda pa makina amene Windows 11 yakana. LibreOffice imatsegula makalata a Word, Audacity imadula mawu a mapulogilamu a pa wailesi. Zoona, mapulinta ena amavuta, ndipo amakanika odziŵa Linux ni ocepa kunja kwa Lusaka.

Apa ndiye pafunika kukonza. Ana athu pa phunzilo la kompyuta amaloŵeza mabatani a Windows cabe, ndiye akakula sadziŵa kuti kuli kwina kogula. Wogulitsa akakhala yekha pa msika, mtengo ndi tsiku lotseka amasankha yekha.

Aphunzitsi ndi amakanika, ikani Linux pa kompyuta imodzi yakale mwezi uno, ana aiyese.