Makina a Loboti ndi Abambo a ku Karonga

Mbiri ya makina a loboti ochitira opaleshoni ya khansa ya prostate yafika m'dziko muno, ndipo ena akufunsa kuti Malawi adzakhala nawo liti. Funsoli nlabwino, koma lafulumira.

Makinawa, otchedwa da Vinci, anachotsera prostate koyamba ku Frankfurt m'chaka cha 2000. Sagwira ntchito okha ayi. Dokotala amakhala chapatali pang'ono, nayang'ana m'kati mwa wodwala pa galasi lokulitsa zinthu, ndipo timanja tachitsulo tolowa pa timabala ting'onoting'ono ta pamimba timatsata zala zake. Ku South Africa anafika ku Pretoria mu 2013, ndipo chipatala cha boma cha Tygerberg chinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2022. Wodwala sataya magazi ambiri, natuluka m'chipatala msanga. Komatu kafukufuku wa ku Brisbane wa 2016 anapeza kuti pa za kusunga mkodzo ndi mphamvu za m'banja, ochitidwa ndi makina sanapose kwenikweni ochitidwa ndi mpeni wa masiku onse.

Chachikulu nchakuti opaleshoniyi imachiza pokhapokha khansa isanatuluke mu prostate, kachiwalo kokhala kunsi kwa chikhodzodzo cha mwamuna. Ku Britain anatsatira amuna 1,643 opezeka nayo ikadali momwemo, ndipo mu 2023 kunadziwika kuti patapita zaka 15, pafupifupi 97 mwa 100 alionse sanafe nayo, kaya anachitidwa opaleshoni, kaya anawotchedwa ndi cheza, kaya anangoyang'aniridwa ndi madokotala.

Tsono taganizirani bambo wa ku Kaporo kapena ku Wiliro. Khansayi poyamba siwawa. Mkodzo ukayamba kuvuta, iye amakhala chete chifukwa cha manyazi, nati ndi ukalamba chabe. Ndipo nzoona kuti kawirikawiri kumakhala kutupa wamba, koma wolekanitsa ziwirizi ndi dokotala yekha, pomupima ndi chala, poyeza magazi a PSA ndi podula kanyama kokaunika. Pamene achibale adzamunyamula kupita ku chipatala cha Karonga, natumizidwa ku Mzuzu Central Hospital, mtunda woposa makilomita 200 kudzera m'mapiri a Chiweta, msana ndi mafupa zayamba kale kuwawa. Pamenepo ngakhale loboti ilibe chochita.

Boma lachita mwanzeru poyamba ndi chipatala cha khansa cha ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, chimene chinatsegulidwa mu 2025. Chotsatira chiyenera kukhala kupima kokwanira m'zipatala za m'maboma. Anthu a ku Karonga si achilendo pa zimenezi, pakuti kuyambira mu 1979 ofufuza za khate a ku Chilumba ankawapima khomo ndi khomo.

Aphunzitsi ndi akalaliki a boma, amene mawu awo amamveka kumudzi, ayambe ndiwo. Amene wafika zaka 50, makamaka ngati bambo wake kapena mbale wake anadwalapo nthendayi, akaonane ndi dokotala tchuthi chikubwerachi, natenge amalume ake paulendowo.