Malo akasowa pa hard drive, tisathamangire format

Amalonda ndi madalaivala, kaya muli pa mzere ku Beitbridge, Nyamapanda, Mwanza, Chirundu kapena Kasumbalesa, lero tikambe vuto lomwe ambirife limatipeza. Tikusamutsa mafayilo kuchoka pa laputopu kupita pa hard drive kapena fulashi, batire latha kapena chingwe chagwedezeka, ntchito yaima pakati. Tikayatsanso, fayilo sikuoneka, koma malo achepa ndi ma GB angapo.

Ambiri zikatero timangopereka kwa anyamata a pamsika kuti apange format. Ife tikuti limeneli likhale lomaliza. M'zida zimenezi timasungamo ma invoice, zithunzi za mapepala a kasitomu, ma delivery note osainidwa, mavidiyo a dashcam ndi mndandanda wa otikongola. Kasitomala akadzakana kuti katundu sanafike yense, umboni wathu ndi womwewo. Kuufafaniza chifukwa cha 10GB n'kuotcha nkhokwe pofuna kupha khoswe.

Malowo sanapite kulikonse. Disiki ili ngati thiraki yokhala ndi manifesiti. Kompyuta ikamakopera, imalemba kuti malo akutiakuti atengedwa, komanso kuti ndi a fayilo iti. Ntchito ikadukira pakati, nthawi zina malo amakhala olembedwa kuti ndi otengedwa koma mwini wake palibe pa mndandanda. Izi zimachitika kwambiri pa mafulashi ndi ma memori khadi a FAT32 kapena exFAT.

Chochita ndi ichi, mwa ndondomeko yake.

Choyamba, koperani mapepala ofunika kupita pena, musanakonze chilichonse. Kukonza kumasintha zinthu pa disiki, ndiye tisayese mwayi.

Chachiwiri, onetsani zobisika. Mu File Explorer pitani pa View muyatse Hidden items. Yang'anani mafayilo otheka, monga othera ndi .tmp, .part kapena .crdownload. Awa ndi zotsalira za ntchito yosamalizika, mukhoza kufufuta. Musaiwale Recycle Bin: zomwe munafufuta pa hard drive ya kunja zimakhalabe pa disiki yomweyo mpaka mutakhuthula bin ili yolumikizidwa.

Chachitatu, tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe chkdsk E: /f, koma m'malo mwa E muike chilembo cha disiki yanu. Ikapeza zidutswa zopanda mwini, pa FAT32 imafunsa ngati izisandutse mafayilo. Mukavomera, imaziika mu foda yobisika yotchedwa FOUND.000 ndi mayina ngati FILE0000.CHK. Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera, chifukwa malo sabwerera mpaka fodayo itafufutidwa. Kuti muione, chotsani chizindikiro pa Hide protected operating system files mu Folder Options. Ngati fayilo yoyambirira ikadalipo komwe munaitenga, fufutani zidutswazo mopanda mantha. Ngati inasowa, zisungeni kaye, wodziwa akhoza kupulumutsamo kanthu.

Ngati malo asowa pa laputopu penipeni, yendetsani Disk Cleanup, ichotse mafayilo osakhalitsa.

Pali zina zomwe si vuto konse. Hard drive ya 1TB imaoneka ngati 931GB pa Windows, ya 500GB ngati 465GB. Ndi kusiyana kwa kawerengedwe chabe, palibe wakuberani. Komanso FAT32 siilandira fayilo imodzi yofika 4GB, ngakhale malo atakhala ambiri. Vidiyo yaikulu ikamakana, chifukwa chake n'chimenecho.

Koma pali bodza lenileni lomwe limatikhudza ife ogula zambiri n'kudzagulitsa: mafulashi achinyengo olembedwa 256GB pomwe mkati muli malo ochepa kwambiri. Amaoneka ngati akulandira mafayilo, kenako osatseguka. Chkdsk singakonze zimenezo. Yesani imodzi ndi pulogalamu yaulere ya H2testw musanagule katoni yonse, chifukwa makasitomala akabweza, dzina loipa ndi lanu.

Ena anena kuti pa boda palibe nthawi ya zonsezi, format ndi yachangu. N'zoona, ndipo ngati zonse munazisunga pena, pangani format, palibe choletsa. Koma chkdsk pa fulashi imatha musanamalize kapu ya tiyi, pomwe kufunafuna invoice ya miyezi itatu yapitayo kwa wogulitsa wa ku Johannesburg kapena Kariakoo kumadya masiku ndi airtime.

Mtsogolomu, tiyeni tizigwiritsa ntchito Copy osati Cut, n'kufufuta choyambirira titatsegula chatsopanocho n'kuona kuti chikugwira. Tisasamutse zazikulu batire lili pafupi kutha kapena galimoto ikudumpha m'maenje. Tizidina Eject tisanazule. Ndipo pepala lililonse la katundu likhale malo awiri, ena mwa iwo pa imelo kapena Google Drive, poti laputopu ndi hard drive zikakhala m'chikwama chimodzi zimabedwanso limodzi.

Muyende bwino nonse.