Utsi Umene Mliri Sunauchotse

M'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatsekera anthu m'nyumba nuimitsa magalimoto ndi mafakitale, anthu a ku Jalandhar m'dziko la India anakweza maso naona mapiri a Himalaya, amene utsi unawabisa zaka zambiri. Kuno kwathu, kumene Bwalo Lalikulu la milandu linaletsa m'bindikiro m'mwezi wa Epulo, mahotela a ku Senga Bay anasowa alendo ndithu, koma mpweya sunayere, pakuti utsi wathu umafuka pamafuwa, pambaula za makala ndi powamba nsomba, nulowa m'zifuwa za amayi ndi makanda awo kumbuyo. Chifukwa chake ndinena kuti magetsi a dzuwa, opangidwa ku Nanjoka kuyambira 2021, afike m'makhitchini a Salima pamtengo umene msodzi angaukwanitse.