Kachibala ka penti kasadikire mvula

Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku pakati pa Jenda ndi Embangweni siisowa zipsera. Timiyala ta mumsewu timagomola penti pa boneti, m'munsi mwa zitseko ndi m'mbali mwa matayala. Eni ake ambiri amangoti bola injini ikulira. Apa m'pamene ndalama zimathawira.

Penti si yokongoletsa chabe, imatchinga chitsulo ku madzi. Pomwe yagomoka mpaka chitsulo kuonekera, mvula ya Disembala mpaka Malichi imabweretsa dzimbiri lomwe limadya chamkati. Malo omwe akanatha ndi kabulashi mu Okutobala amadzafuna kuwotcherera ndi kupopera chitseko chonse. Penti ya galimoto yambiri imachokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ntchito yotereyi siyotchipa.

Koma kufulumira kopanda nzeru nakonso kumaluzitsa. Ena amafika m'sitolo pa Mzimba boma n'kungoti akufuna penti yoyera. Yoyera ilipo yamitundumitundu. Pa magalimoto a Toyota monga Sienta, Probox ndi Corolla, nambala ya mtundu imalembedwa pa kachikwangwani ka pakhomo la kutsogolo kapena mkati mwa boneti, pafupi ndi zilembo za C/TR. Nambala 040 ndi yoyera wamba, 070 ndi yoyera yonyezimira yomwe imapakidwa magawo atatu, 1F7 ndi yasiliva, pomwe 202 ndi yakuda. Wopaka 040 pa galimoto ya 070 wagula chigamba chooneka patali.

Nambala payokha sikwanira. Galimoto ya zaka 15 yaotha dzuwa ndipo penti yake yasuluka, makamaka ikakhala yofiira. Ina yochokera ku Joni kapena ku Dar es Salaam idapopedwapo kale, moti nambala ya fakitale sigwirizananso ndi thupi lake. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa amamasula kachitseko ka pothirira mafuta n'kupita nako kwa osakaniza penti ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Akabwera nayo amayamba wayesa pa kachitsulo kapadera, n'kudikira iume, kenako n'kufananitsa panja dzuwa likuwala, osati m'galaja.

Ntchito yeniyeni ndi yosavuta: kutsuka malowo, kupala dzimbiri ndi sandipepa wosalala, kupaka pulaima, kenako penti pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, uku akudikira iliyonse iume. M'mawa fumbi lisanadzuke ndiye nthawi yabwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chomwe chikuononga msika ndi khalidwe la ogulitsa ena lomata fila pamwamba pa dzimbiri n'kupopera kuti galimoto ipite msanga. Pakatha miyezi ingapo penti imatukusira, wogula n'kudziwa kuti adamupusitsa. Ku Embangweni anthu amadziwana, ndipo mbiri yotere imamutsatira munthu mpaka kutchalitchi. Wogula wochenjera amayenda ndi kamaginito: pomwe sikakugwira bwino pa chitseko chachitsulo, pali fila wambiri, ndipo mtengo uyenera kutsika.

Galimoto yakale yokhala ndi zipsera zosamalidwa bwino imagulika mwaulemu kuposa yonyezimira yobisa matenda. Mwini wake ayendere galimoto yake mvula isanagwe, awerenge zibalazo, alembe nambala ya penti, n'kukambirana mtengo ndi mmisiri ntchito ikadali yaing'ono.