MWANA WAMKAZI AKAKONDA MPIRA WA MIYENDO



Sabata yatha, nditatha kuyendera minda m'mudzi wina wa m'mphepete mwa esiteti ya tiyi, bambo wina ananditengera pambali, patsinde pa mtengo wa mapeyala. Ndinayesa afuna kufunsa za nthochi zao, koma iai. Anati, "Alangizi, inu mumayenda, tandiuzani. Mwana wanga wamkazi wa Sitandade 7 wapenga nao mpira wa miyendo. Aphunzitsi akuti ndiye wosewera pakati m'timu ya pasukulu. Amake akaweruka kotchera tiyi amapeza pamoto pali zii, mumtsuko mulibe ndi dontho lomwe. Ine ndifuna kumletsa. Koma amalume ake akuti mlekeni, adzatchuka ngati ana a kwa Chawinga, natimangira nyumba ya malata. Nanga ine ndimvere yani?"

Funso limeneli si la bambo mmodzi yekha. Chifukwa chake lero tiyambe tasiya za m'munda, tikambe za mpira wa akazi, pakuti masiku ano imeneyi ndi nchito ndithu, yokhala ndi malipiro ake ndi mapangano ake olembedwa.

NCHITO YA WOSEWERA PAKATI

Timu ya mpira ili ndi anthu 11. Pali goloboyi, pali otchinga kumbuyo, pali akutsogolo amene nchito yao ndi kumwetsa zigoli, ndipo pakati pa onsewa pali osewera pakati. Amenewa ndiwo alanda mpira kwa timu inayo, nauperekera kwa akutsogolo. Timu ikapanikizidwa, abwerera kukathandiza kumbuyo. Mpata ukaoneka, athamangira kutsogolo. Pa mphindi 90 za masewero, wosewera pakati wa timu yaikulu amathamanga mtunda wa makilomita pafupifupi 10, ndiwo mamailosi 6, ndipo nthawi yonseyo maso ake ali uku ndi uku, kuti adziwe pamene pali mnzake mpira usanamfike kuphazi.

Anthu oonera amaombera m'manja womwetsa chigoli, monga momwe munthu wakumwa tiyi ku Blantyre amayamikira wophika, osakumbukira amene analowa m'mame mbandakucha kukatchera masamba. Koma inu otchera mudziwa kumene tiyi achokera. Mphunzitsi akaika mwana pakati, ndiye kuti waona mwa iye mphamvu, nzeru ndi mtima wosadzikonda. Makolo asachite nazo manyazi zimenezi.

MBIRI YA GRACE CHANDA

Kuti tione njira yonse ya nchitoyi, zokoma zake ndi zowawa zomwe, tiyeni titsate mapazi a wosewera pakati mmodzi amene wayenda m'njiramo nthawi yaitali. Dzina lake ndi Grace Chanda, wa kwa anansi athu ku Zambia.

Grace anabadwa pa 11 June 1997. Anayamba kutchuka ali m'timu ya akazi ya ZESCO ku Ndola, ndipo pambuyo pake analowa timu ya Red Arrows ya ku Lusaka. Pa mpikisano wosankha dziko lokaimira Africa ku masewero a Olympics, iye ndiye anaposa onse pomwetsa zigoli 8. Mu March 2020 Zambia inatulutsa Cameroon m'ndime yotsiriza, nipeza malo ku Olympics kwa nthawi yoyamba pa mpira wa akazi. Masewerowo anachedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo anachitika mu 2021 ku Tokyo, m'dziko la Japan. Tsiku loyamba Zambia inakwapulidwa ndi Netherlands zigoli 10 kwa 3. Ena akadataya mtima pomwepo, koma atsikanawo anapita kwao ataphunzirapo kanthu.

Chaka cha 2022 ndicho chinali cha zokolola. Mu July, pa chikho cha akazi a mu Africa ku Morocco, kaputeni wa Zambia, Barbra Banda, sanasewere, ndipo Grace ndiye anatsogolera anzake. Anagonjetsa Nigeria 1 kwa 0 pa masewero olimbirana malo achitatu, ndipo pa mpikisano womwewo Zambia inapeza malo ku chikho cha dziko lonse kwa nthawi yoyamba. Bungwe la mpira mu Africa, CAF, linamuika Grace pakati pa akazi atatu osewera bwino koposa m'chakacho, angakhale mphotho inapita kwa Asisat Oshoala wa ku Nigeria. Chaka chomwecho anali atalembedwa nchito ndi timu ya BIIK Kazygurt ya ku Kazakhstan, ndipo mu August anamwetsa zigoli 3 pa masewero amodzi ndi timu ya Split ya ku Croatia. Chaka chisanathe anasamukira ku Spain, m'timu ya Madrid CFF.

Taonani chinthu chimodzi apa. Pamene Grace anayamba kudya za mpira kunja kwa dziko lake, anali atakwanitsa kale zaka 24. Zaka zonse za m'mbuyomo anali kusewera m'mabwalo a kwao. Inu amene munaokapo mbande za tiyi mudziwa kuti papita zaka zitatu kapena zinai musanayambe kutchera masamba odzaza dengu. Amalume amene ayembekeza malata chaka chamawa ayenera kuyamba aphunzira kudekha.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Tsopano imvani mbali inayo. Mu July 2023 Zambia inafika ku New Zealand kukasewera chikho cha dziko lonse chija, chimene Grace anachikhetsera thukuta ku Morocco. Masewero oyamba atatsala pang'ono kuchitika, iye anadwala kwambiri, ndipo sanaponde m'bwalo ngakhale tsiku limodzi. Panapita miyezi yambiri asanapezenso mphamvu.

Atachira, mwai unabweranso. Mu May 2024 timu ya Orlando Pride ya ku America inapangana naye kuti adzayambe nchito akatha masewero a Olympics a ku France. Koma mu July, pa masewero oyamba a Zambia ndi United States, anatuluka m'bwalo atabvulala pa nchafu, ndipo chaka chake cha mpira chinathera pomwepo. Mu November 2024 Orlando Pride inatenga chikho cha ligi ya ku America, chigoli chopambanira anamwetsa ndi mnzake Barbra Banda, koma Grace anali asanaisewerere timuyo ngakhale kamodzi. Anabwerera m'bwalo mu 2025.

Kawiri m'zaka ziwiri zotsatana, munthu waluso chotere anaimitsidwa ndi thupi lake. Sanali waulesi, sanalakwe kanthu. Umo ndimo ilili nchito imeneyi. Chuma chonse cha wosewera mpira chili m'miyendo iwiri, ndipo ambiri amaleka asanafike zaka 40, pamene mlimi ali pachimake pa mphamvu zake. Kumbukiraninso kuti pa atsikana ambirimbiri amene amasewera m'masukulu, amene amafika kunja ndi owerengeka pa zala.

ANA A KWATHU KUNO

Kodi tsono tinene kuti zimenezi nza ku Zambia kokha? Iai. Tabitha Chawinga, wochokera ku Rumphi, anapita ku Sweden mu 2014, ndipo anakhalapo womwetsa zigoli zambiri koposa m'maligi a ku Sweden, Italy ndi France. Mng'ono wake Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ndi timu ya Kansas City Current, nasankhidwa wosewera wopambana wa chakacho. Awiriwa ndi akutsogolo. Koma njira yatsegukanso kwa a pakati. Rose Kabzere, wosewera pakati amene anakulira m'sukulu ya mpira ya Ascent ku Lilongwe, analowa timu ya Montpellier ya ku France mu 2024. Mnzake wa pasukulu yomweyo, Faith Chinzimu, anapita ku BK Häcken ku Sweden mu 2025.

Timu ya dziko lathu ya akazi, Scorchers, inatenga chikho cha COSAFA mu October 2023 ku South Africa, itagonjetsa Zambia 2 kwa 1. Mu October 2025, pa bwalo la Bingu ku Lilongwe, Faith Chinzimu anamwetsa zigoli ziwiri pa masewero ndi Angola, ndipo Malawi inapeza malo ku chikho cha akazi a mu Africa kwa nthawi yoyamba. Atsikana onsewa anabadwira m'nyumba za Amalawi ngati zathuzi. Akadaletsedwa ali ang'ono, sitikadamva maina ao.

MALANGIZO KWA MAKOLO

Loyamba: mlekeni mwana asewere. M'mera mpoyamba. Zonena zakuti mpira wa miyendo umaononga mimba ya mtsikana nzabodza. Alipo osewera amene anabereka ana nabwereranso m'bwalo, ndipo kuyambira mu 2021 lamulo la FIFA, bungwe loyang'anira mpira pa dziko lonse, limati wosewera wa pa nchito akaima alandire tchuthi cha masabata osachepera 14, akulipidwa magawo awiri mwa atatu a malipiro ake.

Lachiwiri: sukulu isalekedwe chifukwa cha mpira. Mlimi wanzeru sadalira mbeu imodzi. Amabzala chimanga, nandolo ndi chinangwa, kuti china chikakanika adye chinacho. Mwendo ukathyoka, chimene mwana anaphunzira chikhalabe m'mutu. Ndiponso pangano la nchito limalembedwa m'Chingerezi, ndipo munthu wosatha kuwerenga amasaina chimene sachidziwa. Panganani ndi aphunzitsi kuti akalephera mayeso, ayambe wapumula ku mpira mpaka akhoze.

Lachitatu: gawani nchito za pakhomo. Ngati mnyamata apita ku bwalo madzulo osafunsidwa kanthu, si chilungamo kuti mlongo wake yekha asenze madzi, nkhuni ndi mphika. Mutu umodzi susenza denga. Pa masiku a mpira, mnyamata nayenso atenge chidebe.

Lachinai: mwana wothamanga adye mokwanira. Nsima yokha siimanga thupi. Nyemba, nandolo, mtedza, soya, mazira, masamba, nthochi ndi mapeyala, zonsezi zimapezeka kuno kwathu. Musagulitse zonse pa msika wa Bvumbwe kapena Luchenza. Madzi akumwa akhale a pamjigo kapena owiritsa.

Lachisanu: akabvulala, msamkakamize kusewera, ndipo inunso msalole kuti wina amkakamize. Bondo likatupa kapena phazi likabinya, pitani naye kuchipatala msanga. Bvuto laling'ono lonyozeredwa ndilo limapundula munthu.

Lachisanu ndi chimodzi: chenjerani ndi anthu obwera ndi mau okoma, onena kuti mukapereka ndalama adzamtengera mwana wanu kunja. Timu yeniyeni ndiyo imalipira wosewera, siipempha mbuzi kwa makolo. Lamulo la FIFA silola kuti mwana wosakwana zaka 18 asamutsidwire ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa m'lamulomo. Munthu wotere akabwera, dziwitsani aphunzitsi aakulu ndi amfumu, ndipo kafunseni ku bungwe la mpira la dziko lino, FAM, limene likulu lake lili ku Chiwembe, ku Limbe. Timu ikamayenda ulendo wogonera, funsani ngati pali mai wamkulu woperekeza atsikanawo. Sungani bwino chikalata chosonyeza tsiku limene mwana anabadwa, ndipo msalole munthu kumchepetsera zaka.

YANKHO KWA BAMBO AJA

Bambo aja ndinawayankha kuti, "Bambo, inu muli ndi mfundo, amalume nao ali ndi mfundo, koma nonse mwaona mbali imodzi. Inu mukamletsa, mwina mukwirira mphatso imene simunaione. Amalume akamuwerengera malata lero, amsenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Khalani pansi pamodzi ndi amake, mugwirizane masiku a mpira ndi masiku a nchito. Ndipo tsiku limene timu ya pasukulu idzasewera, mudzapite nokha ku bwalo. Msakayang'ane amene amwetsa chigoli. Mukayang'ane amene wampatsa mpira."

Anakhala chete kanthawi, kenaka anandifunsa ngati nsapato za mpira zimapezeka pa kaunjika ku Limbe. Ndinawauza kuti akayang'ane, koma ayambe agula makope.

Tsalani bwino mpaka sabata ya mawa.

Ine wanu,
MLANGIZI